Nkhono pa bolodi: mawu amodzi a espiral ndi cone

Mphunzitsi wa masamu akajambula pa bolodi círculo, espiral ndi cone, n'kufunsa ana m'Chinyanja kuti zinthu zitatuzi zikuoneka bwanji, yankho limene limatuluka msanga ndi limodzi: "Zozungulira!" Anawo sananame, pakuti chilichonse mwa zitatuzo chili ndi kuzungulira kwake. Koma mawu akuti chozungulira asenzetsedwa katundu wochuluka m'makalasi a zinenero ziwiri. Ndi omwewo amene amaimira círculo, ndi omwewonso amene amatchulidwa pa mpira, pa chitini, pa gudumu la njinga ndi pa chigoba cha nkhono. Tsiku limene funso lidzabwere m'Chipwitikizi chokhachokha, lakuti mwana aloze cone pakati pa cilindro ndi esfera, mawu aja sadzamuthandiza kusankha, chifukwa kwa iye zonsezo zinalowa kale m'thumba limodzi.

Mphunzitsi watcheru vutoli amaliona, ndipo kumene amathawira kawirikawiri ndi ku nkhono. Akafika pa espiral amati "chooneka ngati nkhono". Wina akafika pa cone amatinso "chosongoka ngati nkhono". Mawuwa ndi achikaya, mwana aliyense amaidziwa nkhono, ndipo sipafunika kugula chilichonse kuti ipezeke m'kalasi nyengo ya dzinja. N'chifukwa chake ayenera kuunikidwa mofatsa, chifukwa mawu omveka bwino m'khutu ndi amene amalowa m'makope popanda wofunsa ngati akunenadi chimene akufuna kunena.

Kusowa kwa mawu a masamu m'zinenero za m'dziko muno si nkhani yatsopano. Chinyanja chinalowa m'kalasi kudzera mu PEBIMO, ntchito yoyesera maphunziro a zinenero ziwiri imene inachitika kuyambira 1993 mpaka 1997, ku Tete m'Chinyanja ndi ku Gaza m'Chichangana. Kuyambira 2003 maphunzirowa anayamba kufalikira m'zigawo, ndipo dongosolo la nthawi imeneyo linali lakuti Chipwitikizi chiyambe kukhala chinenero chophunziriramo maphunziro ena m'kalasi yachinayi. Misonkhano ya akatswiri yokonza kalembedwe ka zinenero za Mozambique, imene NELIMO ya pa Universidade Eduardo Mondlane inatsogolera kuyambira 1988, inathandiza pa funso la mmene mawu alembedwere. Funso lakuti ndi mawu ati amene aimire cone kapena espiral ndi lina, ndipo nthawi zambiri limagwera mphunzitsi yekha, choko chili m'manja, ana akumuyang'ana.

Poyambira pabwino ndi pa mawu a Chipwitikizi akuti caracol, chifukwa n'kumeneko kumene chizolowezi chotchula nkhono chikuoneka kuti chimachokera. M'Chipwitikizi caracol ndi kanyama, inde, koma mawuwa anatambasuka kalekale n'kukhala dzina la kaonekedwe. Masitepe okwera mozungulira mzati amatchedwa escada em caracol. Tsitsi lopotana amati lili aos caracóis, kapena encaracolado. Kachiwalo ka m'kati mwa khutu kamene mabuku a sayansi amati cóclea, kamene kamapindika kawiri ndi theka kapena kupitirirapo pang'ono, anthu amangoti caracol, ndipo dzina lakuti cóclea nalonso linachokera ku mawu a Chigiriki otanthauza nkhono. Choncho mphunzitsi amene anaphunzira masamu ake onse m'Chipwitikizi akamva caracol, m'maso mwake mumabwera mzere wopindika. Akamasulira kuti nkhono amayesa kuti wawoloka nalo tanthauzo lonse.

Silinawoloke lonse. M'Chinyanja nkhono sinatambasuke chomwecho. Palibe amene amati "tsitsi la nkhono" pofuna kunena tsitsi lopotana, kapena "makwerero a nkhono". Nkhono ya m'Chinyanja ndi ya kuyenda pang'onopang'ono, ya kusiya mamina m'njira, ya kusenza nyumba yake kulikonse kumene ikupita, ya mwambi uja wakuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Pa kuchedwako zinenero ziwirizi zimagwirizana, pakuti Apwitikizi nawonso amati a passo de caracol. Pa kaonekedwe sizigwirizana. Mphunzitsi akuganiza za mzere, mwana akuganiza za kanyama ka nyanga zofewa. Mwana atauzidwa kuti ajambule "chooneka ngati nkhono" akajambula mutu, nyanga ndi mchira, sanaphonye Chinyanja ayi. Amene waphonya ndi funsolo. Choyamba chokonza, tsono, n'chakuti mawu akuti chigoba asamasiyidwe. Chofanizira ndi chigoba cha nkhono, osati nkhono.

Ngakhale zitatero patsala funso lakuti chigoba cha nkhono iti. Kachithunzi ka caracol kamene kamapezeka m'mabuku ambiri a ana, ndi kamene mphunzitsi amajambula ndi mzere umodzi pa bolodi, ndi ka nkhono yonga ya m'minda ya ku Ulaya, ya chigoba chobulungira, yooneredwa cham'mbali. Pa pepala chigobacho chimaoneka ngati mzere wafulati woyambira pakati n'kumatuluka kunja. Nkhono imene mwana wa ku Angónia, ku Macanga kapena ku Milange amaitola m'munda mvula ikagwa ndi ina. Ndi ija yaikulu, ya mtundu umene akatswiri amautcha Achatina ndi abale ake, ya chigoba chachitali, chotakata kukamwa n'kumka chichepa mpaka kunsonga. Mwana ameneyu akamva "chigoba cha nkhono" amaona chinthu chosongoka. Ndiye kuti mphunzitsi amene amanena nkhono pofotokoza cone sanasochere kwenikweni, ndipo mnzake amene amanena nkhono pofotokoza espiral nayenso sanasochere. Aliyense wagwira mbali yake ya chigoba chimodzi. Wovutika ndi mwana amene wadutsa m'manja mwa onse awiri, wina chaka chino wina chaka chamawa, n'kutsala ndi dzina limodzi la zinthu ziwiri zimene mayeso amazisiyanitsa.

Kusiyana kwake n'kwakukulu. Espiral ndi mzere, ndiponso ndi njira: chala chingathe kuitsata kuyambira pakati mpaka kunja. Pa círculo mtunda wochokera pakati susintha, ndiye chala chimabwerera pamene chinayambira. Pa espiral mtundawo umamka nukula, ndiye chala sichibwerera pamalo akale ngakhale chizungulire kangati. Cone si mzere. Ndi chinthu chogwirika, chokhala ndi pansi pozungulira pamene buku limati base, nsonga imodzi imene limati vértice, ndi khoma losalala lolumikiza ziwirizo. Pa cone palibe kupindika kokwera ngati kwa pa chigoba. Mwana amene anaphunzira kuti cone ndi "chonga nkhono" angathe kuyamba kufunafuna mizere yopotana pa fanulo wothirira palafini, ndipo akaisowa n'kunena kuti fanuloyo si cone.

Pali chachitatu chimene chimabisala m'mawu omwewo. Mazinga a bawuti, sipuling'i ya m'cholembera, nyemba yoyanga pa phesi la chimanga: zonsezi zimazungulira zikukwera, koma sizitalikira pakati. Masamu amazitcha hélice. Apwitikizi enieniwo pocheza amazisakaniza, moti kope lomangidwa ndi waya wopota amaliti caderno de espiral ngakhale wayayo ndi hélice. Chinyanja pamenepa chili ndi mwayi, chifukwa chili ndi mneni wakewake: kupota. Amapota chingwe, amapota luzi, ndipo mwana amene anaonapo chingwe cha khonje chikupotedwa pa ntchafu amadziwa kuti chopota chimatalika osanenepa. Nyanga za ngoma, nyama ija ya m'tchire, nazonso n'zopota. Kutaya mawu okonzeka kale ngati amenewa n'kuika "chozungulira" m'malo mwake n'kuluza dala.

Nanga espiral yafulati, itchedwe chiyani? Mawu amene amayandikira kwambiri ndi nkhata. Mayi akamakonza nkhata yosenzera mtsuko amatenga chitenje kapena udzu n'kumazunguliza, gawo lililonse likugona pambali pa linzake. Njoka ikadzipinda anthu amati yapanga nkhata. Chochititsa chidwi n'chakuti mawu akuti espiral anayenda njira yomweyo: anachokera ku Chilatini spira, kuchokera ku Chigiriki speira, kutanthauza chopindidwa mozungulira monga chingwe kapena njoka. Amene amati Chinyanja chilibe mawu a masamu amaiwala kuti mawu a m'bukuwo anayambira pa chingwe chopindidwa pansi, chimodzimodzi nkhata.

Komabe nkhata ili ndi chilema chake, ndipo si bwino kuchibisa. Nkhata yomalizidwa imaoneka ngati mphete yonenepa yokhala ndi bowo pakati. Nkhata ya maluwa imene amaika pa manda ndi mphete basi, ilibe poyambira ndi pothera. Mwana akangomva dzina lokha angathe kubwerera ku círculo kumene mphunzitsi amafuna kumuchotsa. Mawuwa amagwira ntchito ngati nkhatayo ikupindidwa anawo akuona, chingwe chikuyambira pakati pa bwalo la sukulu n'kumafutukuka, wina akuyenda pamwamba pake kuti aone kuti sakubwerera pamene anayambira. Mneni ndiye wonyamula tanthauzo, dzina longothandizira. Pali zofanizira zina zimene zilibe chilemachi. Bongololo akakhudzidwa amadzipinda n'kukhala espiral yooneka bwino kuposa imene dzanja lingajambule ndi choko. Mchira wa bilimankhwe ndi chimodzimodzi. Mphasa yokulungidwa ikayang'anidwa kumapeto imaonetsa espiral, pamene ikayang'anidwa m'litali ndi cilindro, ndipo mphasa imodziyo ingaphunzitse mawu awiri popanda kuwasakaniza. Mankhwala aja ofukiza udzudzu ogulitsidwa m'maokala nawonso ndi espiral, ndipo ana a m'tauni amawadziwa kuposa nkhata ya udzu.

Pamenepa nkhono imagwanso kachiwiri, pa chifukwa chimene mabuku a ana sakonda kutchula. Espiral zilipo za mitundu. Pa chingwe chopindidwa kapena pa mphasa, mpata wa pakati pa mzere ndi unzake ndi wofanana kuyambira pakati mpaka kunja, chifukwa kunenepa kwa chingwecho sikusintha. Imeneyi ndi imene Archimedes wa ku Siracusa anailemba zaka zoposa 200 Yesu asanabadwe, ndipo imatchedwa ndi dzina lake. Pa chigoba cha nkhono mpatawo umamka nukula, chifukwa kanyamako kamawonjezera chigoba kukamwa pamene thupi lake likukula, ndipo chipinda chatsopano chimayenera kukhala chachikulu kuposa chakale. Mphunzitsi akamajambula espiral pa bolodi, dzanja lake limajambula ya chingwe, pakamwa pake pakutuluka dzina la nkhono. Ana a makalasi oyamba safunika mayina a mitundu iwiriyi. Koma mwana wa maso akuthwa akanena kuti chojambulidwacho sichikufanana ndi chigoba chimene wanyamula, akunena zoona, ndipo sayenera kuuzidwa kuti akhale chete.

Ku mbali ya cone zofanizira n'zambiri, mwina kuposa za chinthu china chilichonse cha m'phunziro la sólidos geométricos. Chopambana ndi nkhokwe. Thupi lake ndi cilindro, denga lake ndi cone, ndipo ziwirizo zimamangidwa padera: denga limalukidwa pansi, amuna n'kulinyamula kukaliveka pamwamba. Mwana amene anaonapo zimenezi anaona cone ili payokha, anaona phaso lililonse likuchokera m'mphepete kukakumana ndi anzake pa nsonga imodzi. Palibe chithunzi cha m'buku chimene chingapose pamenepo. Chodandaulitsa n'chakuti m'midzi yambiri chimanga chikusungidwa m'matumba m'nyumba, nyumba zozungulira zikuchepa, ndipo kwa mwana wa pa Ulónguè mawu akuti denga angatanthauze malata a mbali ziwiri. Choncho "denga" palokha sikokwanira, pafunika kunena kuti denga la nkhokwe. Ndiponso dengalo ndi lopanda pansi, pamene cone ya m'buku imakhala yotseka ndi base. Kusiyana kumeneku kuyenera kutchulidwa, kuti mwana asadzadabwe akafunsidwa za base ya cone.

Chulu chimatchulidwanso, koma n'chofooka: zulu zina n'zobulungira, zina zili ndi nsonga zingapo, zina zamera mitengo. Mulu wa mchenga kapena wa chimanga chotsanulidwa pamalo amodzi ndi wabwino kuposa chulu, chifukwa umapanga cone wokha anthu akuona. Ana a m'mphepete mwa nyanja, ku Metangula ndi ku Cóbuè, ali ndi mono, umene khomo lake limalowa m'kati likuchepa kuti nsomba ilowe koma isatuluke. Kumeneko mono unganene zambiri kuposa nkhokwe. Malemu Paulus Gerdes, amene anagwira ntchito zaka zambiri m'dziko muno pofufuza masamu opezeka m'madengu, m'misampha ya nsomba ndi m'mamangidwe a nyumba, anaonetsa kuti woluka amakhala atalingalira kale za kaonekedwe asanamve dzina lake la kusukulu. Phunziro la cone ndi malo amodzi amene mfundo yakeyo imaoneka popanda kuikakamiza.

Palinso nguli. Anyamata amaisema ku mtengo, yotakata pamwamba, yosongoka pansi, n'kumaikwapula ndi kachingwe kuti izungulire. Mawu a Chigiriki akuti konos, kumene cone inachokera, ankatanthauza chipatso cha mtengo wa paini komanso choseweretsa chozungulira chonga nguli yomweyi. Ndiye amene angati cone ndi "chonga nguli" wabwerera ku gwero la mawuwo mosadziwa. Ubwino wina wa nguli ndi wakuti imaima chadodolido, nsonga pansi. Ana amene anangoona cone itakhazikika pa base yake, monga mabuku amaijambulira nthawi zonse, amaikana ikatembenuzidwa. Kuika nguli pambali pa denga la nkhokwe kumathetsa zimenezo popanda kufotokoza kwambiri. Chilema chake n'chakuti nguli imakumbutsa kuzungulira, ndipo si nguli zonse zimene zimasongoka kuyambira pamwamba: zambiri zili ndi thupi lowongoka, kusongoka kuli kumunsi kokha.

Kodi ndiye kuti nkhono ichotsedwe m'kalasi? Ayi. Yangoikidwa pa mpando wolakwika. Chigoba cha nkhono si chitsanzo choyambira, ndi chitsanzo chomalizira. Ana akadziwa espiral pa chingwe ndi pa bongololo, akadziwa cone pa nkhokwe ndi pa nguli, chigoba chimabwera ngati funso: pa chinthu ichi, cone ili pati, nanga espiral ili pati? Mwana akachigwira cham'mbali aona kusongoka. Akachiyang'ana kuchokera kunsonga aona mzere woyambira pakati n'kumafutukuka. Akautsata ndi chala apeza kuti ukutsika pamene ukufutukuka, ndiye kuti ndi espiral yokulunga cone. Pamenepo mawu akuti nkhono sakuphimbanso kusiyana, akukuonetsa. Kwa ana okulirapo pali kena kowonjezera: chigoba chikaimikidwa nsonga m'mwamba, kamwa likuyang'ana kwa wochigwira, pa nkhono zambiri kamwalo limakhala kudzanja lamanja. Tinkhono ta m'madzi totchedwa Bulinus, timene timafalitsa likodzo, kamwa lake limakhala kumanzere. Ndi mfundo imene ingalumikize masamu ndi phunziro la zaumoyo, ngakhale kuti palibe mphunzitsi wanzeru amene angatume ana kukatola nkhono m'madzi oima.

Chigoba china chimene chili ndi mbiri yake m'dera la Zambezi ndi mphande. Ku nyanja ya mchere ya Indian kuli nkhono zimene akatswiri anazipatsa dzina lakuti Conus chifukwa cha kaonekedwe kake. Anthu akale ankadula mbali yotakata ya chigoba chake n'kuisalaza, n'kutsala kambale koyera kokhala ndi mzere wa espiral. Tinthu timeneti tinkayenda ndi amalonda kuchokera kugombe kulowa m'kati mwa Africa, ndipo tinkavalidwa ndi mafumu ndi anthu olemekezeka. Kwa Ashona ndi ndoro. Mu 1854 mfumu Shinte ya Alunda inapatsa David Livingstone chigoba choterechi ngati mphatso ya mtengo wapatali. Pambuyo pake amalonda a ku Ulaya anayamba kubweretsa zongoyerekeza zoumbidwa ku fakitale. Pa masamu, mphande ikunena zimene mphunzitsi amavutika kunena: cone ikadulidwa kumunsi, pa chigoba ichi, mumatuluka espiral yafulati. Ana ambiri a lero sanaionepo mphande, ndipo ena amangoidziwa ngati dzina la banja, choncho singakhale mawu a tsiku ndi tsiku a m'kalasi. Malo ake ndi mu currículo local, gawo lija la magawo 20 pa 100 a nthawi yophunzira limene linapatulidwira nzeru za m'deralo, makamaka kumene kuli agogo amene angaifotokoze.

Patsala nkhani ya dzina lenilenilo. Ena amafuna kuti papangidwe mawu atsopano a Chinyanja, monga kulumikiza "chozungulira" ndi "chosongoka" kuti zikhale dzina la cone. Cholinga n'chabwino, koma zotsatira zake ndi mawu aataliatali amene mphunzitsi yekha ndiye amawakumbukira, ndipo sukulu iliyonse imapanga akeake. Komanso "chosongoka" n'chimodzimodzi "chozungulira" pa kusenza zambiri: mkondo ndi wosongoka, munga ndi wosongoka, pirâmide nayonso ndi yosongoka. Pamenepa ndi pamene ana amagwa kwambiri, chifukwa cone ndi pirâmide zimasiyana pansi pokha ndi m'mbali, ina yosalala yotha kugubuduka, ina ya ngodya. Ena amati dzina la Chipwitikizi lingolowa momwe lilili, popanda chofanizira, poti ndi limene mwana adzakumane nalo kutsogolo. Kumeneko ndi kubwerera ku maphunziro oloweza pamtima amene maphunziro a zinenero ziwiri anabwera kudzachepetsa: mwana amatchula cone mokweza ndi anzake, koma sangailoze pabwalo.

Njira yooneka yolimba ili pakati, ndipo si yachilendo. Dzina likhale la Chipwitikizi, cone ndi espiral, lolembedwa monga mwana adzalipezere pa mayeso. Kufotokoza kukhale kwa Chinyanja chenicheni, cha aneni: espiral imayambira pakati n'kumafutukuka osabwerera, hélice imapota ikukwera, cone imayambira pansi pozungulira n'kumka ichepa mpaka kunsonga imodzi. Chofanizira chikhale chimodzi pa dzina lililonse m'masiku oyamba, ndipo chisabwerekedwe ku dzina lina. Chinyanja chabwereka mawu ambiri, sukulu, buku, fanulo, ndipo sichinathe nazo. Chimene chimachiwononga ndi kuchiyesa chosauka n'kumachipatsa liwu limodzi lofooka pamene chili ndi kupota, kupinda, kukulunga, kuzunguliza, kufutukuka ndi kusongoka. Zofanizirazo n'zoti aphunzitsi a ZIP imodzi agwirizane, chifukwa chimene chimamveka ku Tsangano sichingamveke chimodzimodzi ku Lago kapena ku Mecanhelas, ndipo mwana wosamuka kalasi asamapeze nkhata ya chaka chatha itasanduka nkhono.

Manja nawo ali ndi gawo lake. Pepala lodulidwa mozungulira, likachotsedwa kachigawo kochokera m'mphepete kufika pakati n'kulumikiza mbali zotsalazo, limadzuka n'kukhala cone. Kachigawo kochotsedwako kakakula, cone imatalika n'kuwonda. Ana akadzipangira okha amaona kuti círculo ndi cone n'zapachibale koma si chinthu chimodzi. M'makalasi apamwamba, cone ya pepala lolimba ndi chitini zokhala ndi pakamwa pofanana ndi msinkhu wofanana zimaonetsa mfundo imene ambiri amangoiloweza: mchenga wodzaza cone uyenera kuthiridwa katatu kuti chitini chidzaze. Zonsezi zingafotokozedwe m'Chinyanja kuyambira poyamba mpaka pomaliza, mawu a Chipwitikizi ali awiri kapena atatu okha.

Mawu akuti espiral amawapezanso aphunzitsi iwo eni, kunja kwa masamu. Ku maphunziro a uphunzitsi kumamveka za ensino em espiral, mfundo imene Jerome Bruner anaifalitsa m'buku lake la mu 1960, yakuti mutu umodzi uzibwereranso m'makalasi otsatizana, ulendo uliwonse mozamirapo. Wina akaimasulira kuti "kuphunzitsa mozungulira", anzake amamva kubwereza: cone ya kalasi ino ikhale yomweyo ya kalasi yatha, chithunzi chomwecho, chiganizo chomwecho cholembedwa m'kope. Kumeneko ndi kuyenda pa círculo. Mfundo ya Bruner ndi ya chingwe chija chopindidwa pabwalo, chimene chimadutsa mbali yomweyo koma patali ndi pamene chinadutsa poyamba. Mwana amene chaka china anangoloza denga la nkhokwe, chaka chotsatira aziumba cone ndi dongo n'kutchula base ndi vértice, kenaka aziidula pa pepala, ndipo pomaliza aziyeza mchenga wake m'chitini.